Musadule malaya amenewo, m'bale wanga

Kalata yafika pa imelo kuchokera kwa mnyamata wa ku Chilenje mu Lusaka amene adzakhala best man pa ukwati wa mnzake mwezi wa October. Wagula malaya oyera a salaula ku Soweto Market, nsalu yabwino, koma atayesa kunyumba wapeza kuti manja ake akuphimba zala, ndipo kumapeto kulibe batani ngakhale limodzi, mabowo okhaokha. Akufunsa ngati apite nawo kwa telala kuti awadule n'kusokerapo mabatani.

Musadule, m'bale wanga, chonde. Malayawo sanalakwike, anasokedwa dala choncho. Dzina lake ndi double cuff, ena amati French cuff. Kansalu kolimba ka kumapeto kwa mkonoko n'kakatali kawiri kuposa ka malaya wamba chifukwa kamayenera kupindidwa kamodzi, kubwerera chakumkono. Mukapinda bwino, mabowo anayi aja amakumana pamodzi, ndipo pamenepo ndi pamene pamalowa cufflink, kachitsulo kotsekera mkono m'malo mwa batani. Zimandipweteka mtima kuti malaya ambiri otere amathera pa lumo la telala. Nthawi zambiri ndiwo abwino kwambiri m'belo lonse, thonje lenileni, ulusi wosokedwa pafupipafupi, koma amatsalira pa mulu chifukwa ogula akawatambasula amati alibe mabatani. Wina akawagula amawadula, n'kusokerapo batani la pulasitiki losiyana ndi anzake a pachifuwa. Atero malaya aja apita.

Ndinene mosabisa, vuto lathu kuno si kusowa ma cufflinks. M'masitolo a ku Kamwala alimo mbwee, m'timabokosi pamodzi ndi tayi ndi kampango ka m'thumba, zonse za mtundu umodzi wonyezimira. Vuto ndi loti timayamba ndi kachitsulo tisanaone ngati mkono wa malaya ukutikwana. Pitani pa ukwati uliwonse Loweruka muone mzere wa anyamata: wina malaya atulukira kunja kwa jekete ngati bandeji, wina jekete yameza zonse moti ma cufflinks amene anagula sakuoneka n'komwe. Muyeso wake ndi uwu. Imani chilili, manja ali pansi. Mkono wa malaya wopindidwa kale uthere pamene dzanja likuyambira, kupitirira pang'ono kafupa kotuluka ka pamene timavalira wotchi. Jekete ithere pamwamba pake, malaya aziwoneka sentimita imodzi kapena imodzi ndi theka, basi. Pa kolala ya malaya a salaula mukaona manambala monga 15½ ndi 34, loyambalo ndi khosi m'mainchi, lachiwirilo ndi kutalika kwa mkono, koyezedwa kuchokera pakati pa khosi kumbuyo, kudutsa pa phewa mpaka pa dzanja. Mainchi 34 ndi masentimita pafupifupi 86. Ngati mwapinda koma akutalikabe, telala asule kansalu ka kumapetoko konse, afupikitse mkono weniweniwo, kenako akabwezeretse. Kansaluko asakakhudze ndi lumo.

Ndiye pali nkhani ya October. Kutentha kwa mwezi umenewo mukukudziwa, ndipo pofika nthawi yovina majekete onse amakhala atapachikidwa pa mipando. A Kenneth Kaunda ankadziwa chimene ankachita ndi suti yawo ya safari ija yopanda tayi, ndi chovala chogwirizana ndi dzuwa lathu. Double cuff inabadwira kumaiko ozizira, ndi nsalu ziwiri zolimba zomanga dzanja. Ine ndimati munthu asankhe chimodzi. Ngati mwavala double cuff, jekete ikhale pathupi mpaka zithunzi ndi zolankhula zonse zitatha. Ngati mukudziwa kuti mudzafuna kukwinya manja mpaka m'zigongono, valani malaya a mabatani, palibe manyazi. Chimene sindivomereza n'kuvula ma cufflinks, kuponya m'thumba la buluku, kenako kusiya manja akulendewera ngati makutu a mbuzi. Mmenemo ndi mmene imodzi imatayikira, ndipo yotsalayo ilibenso ntchito.

Za chitsulo chake

Mitundu imene mungaipeze msanga ndi itatu. Yofala ili ndi kamtanda kotembenuka kumbuyo: mumakawongola, kulowetsa, kenako kukatembenuza kuti katseke. Ndi yosavuta, koma musanalipire yesani kamtandako kangapo. Kakamagwa kokha popanda kulira kuti "thwa", sipuling'i yake yatha, ndipo idzakupulumukani mu minibasi. Ina ili ndi nkhope ziwiri zolumikizidwa ndi katcheni. Imaoneka bwino mbali zonse koma kuivala wekha ndi ntchito, ndipo imasiya mkono womasuka pang'ono. Yachitatu ndi timfundo tiwiri ta ulusi, totsika mtengo, topepuka, toyenera ku ofesi kuposa pa ukwati.

Mtundu wa chitsulo ufanane ndi wa wotchi ndi chomangira lamba, siliva ndi siliva, golide ndi golide. Kukula kwake kusapose chikhadabo cha chala chachikulu. Ndipo popeza tili m'dziko la mkuwa, ma cufflinks a mkuwa amandisangalatsa kuposa galasi lonamizira dayamondi, makamaka akakhala ndi kamwala kobiriwira ka malachite. Koma mkuwa ukakumana ndi thukuta umada, ndipo umasiya zobiriwira m'mphepete mwa bowo pa nsalu yoyera. Upukuteni ndi madzi a ndimu ndi kamchere, muutsuke, uume, kenako pakani kyuteksi wopanda mtundu pa kamtengo kolowa m'bowo ndi kuseri kwa nkhope yake.

Kusita nako kumaononga ambiri. Tambasulani kansaluko konse, kakhale konyowa pang'ono, sitani mbali zonse ziwiri kali chotambasuka, kenako pindani ndi dzanja. Musapondereze nsimbi pa mpindiro, chifukwa mzere wakuthwa umenewo ndi umene umayamba kunyenyeka ndi kuchita chikasu, malaya onse akadali atsopano. Magetsi akathima n'kugwiritsa nsimbi ya makala, yalani kansalu koyera pamwamba. Pochapa chotsani ma cufflinks, mutambasule, mupake sopo pa mzere wa mpindiro, poti ndi umene umakhudza tebulo ndi fumbi. Pa chakudya, posamba m'manja kuti mudye nsima, kankhirani mkono wonse m'mwamba pang'ono musanatambasule manja pa beseni. Nsalu ziwirizo zikanyowa siziuma msanga, ndipo msuzi wa nkhuku sukhululuka.

Kavalidwe kake tsono: valani malaya, pindani kansaluko kamodzi, mabowo afanane. Gwirizanitsani nsonga ziwirizo ngati manja a munthu wopemphera, zamkati zikhudzane, osati imodzi kukwera pa inzake monga pa malaya a mabatani. Lowetsani cufflink kuchokera kunja kudutsa nsalu zonse zinayi, nkhope yake ikhale mbali ya kuseri kwa dzanja kuti iziwoneka manja ali pansi, ndipo tsekani kamtanda. Yambani ndi dzanja limene limakuvutani. Yesani zonsezi pamodzi ndi jekete yeniyeniyo kutatsala masabata awiri, kuti ngati pali chofupikitsa telala akhale ndi nthawi.