Bwana wokalipa pagulu: musangopirira

Achemwali, mwafunsa ngati ndi bwino kungopirira bwana amene amakukalipirani pamaso pa anzanu, pomwe amuna ena mu ofesimo ayamba kunena za thupi lanu. Ayi, musapirire.

Ziwirizi zimayendera limodzi. Antchito amaonera kwa bwana. Iye akamanyoza mzimayi poyera, enawo amaona kuti palibe wowaletsa, ndiye nthabwala zolaula zimasanduka chizolowezi. Wovutika ndi mzimayiyo: tulo osabwera, mutu kuwawa, Lolemba likamayandikira mtima uli m'mwamba. Ndinaziona kwa mnzanga wina. Anafika poonda, ife n'kumati mwina akudwala, ndipo mpaka lero zimandipweteka kuti sitinamufunse msanga.

Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana, ngakhale zapakamwa chabe, ndipo wopezeka wolakwa atha kulipira K1 miliyoni komanso kukhala kundende zaka 5.

Yambani kulemba tsiku, mawu amene ananenedwa ndi anthu amene analipo. Mauthenga a pa WhatsApp musafufute. Kadandauleni kwa a HR (oona za antchito pakampani panu) kudzera m'kalata, inu musunge kope lake. Akakunyalanyazani, pitani ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission kapena ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu. Musasiye ntchito musanakafunse kumeneko.