MGB ya 1976: ndi yoyendera Lamlungu, osati yokatulira mwana kusukulu

Achimwene ena okhala ku Leicester, ku England, andilembera kuti apeza MGB ya 1976, galimoto yaing'ono yamasewero ya denga lansalu yopangidwa ku Britain, pamtengo wabwino. Akufunsa ngati ingakhale galimoto yawo ya tsiku ndi tsiku, yopitira kuntchito ndi kukatula mwana kusukulu.

Achimwene, ngati mtima wagwa nayo gulani, koma nkhani ya mwanayo muichotsemo.

Kukoma kwake sindingakubiseni. Chiwongolero chilibe pawa, moti poimika pamalo opanikiza mikono imalira, koma ikangoyamba kuyenda chimapepuka ndipo mumamva m'manja chilichonse chimene matayala akutsogolo aponda. Injini yake ya 1798cc si yaukali, tigalimoto ta masiku ano tikusiyani pa maroboti. Koma poti mumakhala pafupi ndi phula, mamailosi 50 pa ola amamveka ngati liwiro la mtondo wadooka.

Chaka chimene mwatchulacho chandidetsa nkhawa. Kumapeto kwa 1974 fakitale ya MG ya ku Abingdon, ku England, inaikweza galimotoyi pafupifupi inchi imodzi ndi kuiveka mabampala olemera akuda aja pofuna kukwaniritsa malamulo a ku America. Zotsatira zake, za 1975 ndi 1976 zimapendekeka kwambiri pokhota, ndipo anadzakonzako mu 1977. Kumbuyo kuli masipiring'i osanjikiza ngati a pikapu. Mukagunda bampu muli pakona, msewu uli wonyowa, kumbuyoko kumadumphira pambali, ndipo mulibe kompyuta yoti ikuwongolereni.

Malo a miyendo alipo okwanira, ngakhale kwa munthu wamtali. Denga lansalu limadontha, hita ndi yofooka, ndipo ngati ilibe overdrive (giya yowonjezera yopumitsa injini pothamanga), pamsewu waukulu injini imasokosera mpaka kulankhulana kumavuta.

Chondiopsa kwenikweni ndi ngozi. Mulibe airbag, mulibe ABS (yoletsa matayala kukwakwata pomanga mabuleki), ndipo mutu wanu uli pamene pali bampala ya magalimoto akuluakulu a lero. MGB ilibe tchesi yapayokha, mphamvu yake ili m'thupi momwemo, makamaka m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko. Zimenezi zimadyedwa ndi dzimbiri kuyambira mkati, kunja penti akunyezimira. Gwadani pansi, dinani ndi chala, yendetsani maginito. Pomwe maginito akana kugwira, pamatidwa. Onaninso mpata wa chitseko: ukathina kumwamba, thupi layamba kupindika pakati, ndipo galimoto yotero isiyeni ngakhale atsitse mtengo chotani.

Matayala musawaone mano okha. M'mbali mwake muli manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene anapangidwa, ndipo opitirira zaka 10 amakhala atauma.

Wogulitsa akhoza kukuuzani kuti ku Britain galimoto yopitirira zaka 40 siikakamizidwa kupita ku MOT, koyesa chaka ndi chaka ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu. Ndi zoona, koma inuyo muipititse ndithu musanapereke ndalama, makaniko aikweze m'mwamba muone pansi pake ndi maso anu.