Ndikaima pamaso pa obwereketsa ndalama, mawu amandithawa

Funso: Ndine telala ndipo ntchito ikuyenda ndithu, koma makina anga ndi amodzi, opalasa ndi phazi. Ndikufuna ngongole yogulira makina amagetsi. Bungwe lina lobwereketsa ndalama landiitana kuti ndikafotokoze za bizinesi yanga pamaso pa anthu asanu, ndipo andipatsa mphindi 5 zokha. Ine ndikaima pagulu mtima umagunda, kukamwa kumauma, zonse zimene ndinakonza n'kubalalika. Mnzanga wandiuza kuti ndilimbikire kavalidwe ndi kaimidwe chifukwa akuti mawu mphamvu yake ndi 7 pa 100 basi. Kodi nditani? Ndine mayi wosoka zovala.

Yankho: Mayi, zikomo polemba. Ndiyambe ndi zimene wakuuzani mnzanuyo, chifukwa zasocheretsa anthu ambiri. Nambala imeneyi inachokera pa kafukufuku amene Albert Mehrabian, katswiri wa maganizo a anthu wa ku America, anachita ndi anzake mu 1967. Anthu ankamvetsera liwu limodzi lokha likutchulidwa mosiyanasiyana, nthawi zina akuonanso zithunzi za nkhope, kenako n'kunena ngati wolankhulayo akuoneka kuti akumukonda munthu amene akumulankhula kapena ayi. Anapeza kuti liwu likamanena zina, nkhope ndi kamvekedwe ka mawu n'kumanena zina, anthu amakhulupirira nkhope ndi kamvekedweko. Mwini wakeyo anachenjeza kuti manambala akewo ndi a nkhani za mmene munthu akumvera mumtima. Sanayese munthu wofotokoza bizinesi. Valani mwaukhondo, imani chilili, yang'anani anthu kumaso, koma palibe amene adzakupatseni ngongole chifukwa cha kaimidwe.

Inu mukudera nkhawa za mmene mudzaonekere. Anthu asanuwo nkhawa yawo ndi ina: ndalama zathu zikapita kwa mayiwa, zibwera? Kulankhula kulikonse kopindulitsa kumayambira kwa womvera. Inu nomwe simudula nsalu musanamuyeze munthu, ndiye musakonzenso mawu musanadzifunse kuti omverawo akufuna kumva chiyani. Iwo akufuna kudziwa kuchuluka kwa ndalama zimene mukupempha, chimene mukagule, ndiponso kumene ndalama zobweza zidzachokere mwezi ndi mwezi.

Choncho pempho lanu likhale koyambirira. Ambiri amayamba ndi mbiri, mmene anaphunzirira ntchito, mavuto amene adutsamo, ndipo nthawi imawathera asanatchule n'komwe chimene abwerera. Mukapereka moni ndi kutchula dzina, lowani m'nkhani. Tiyerekeze kuti zinthu zili chonchi, manambala enieni muikemo nokha: "Ndimasoka zovala 40 pa mwezi. Mwezi uliwonse ndimabweza makasitomala pafupifupi 15 chifukwa makina anga ndi ochedwa. Ndikupempha ndalama zakutizakuti zogulira makina amagetsi. Pa chovala chilichonse, ndikachotsa nsalu, ulusi, lendi ndi magetsi, ndimatsala ndi zakutizakuti. Phindu la zovala zowonjezerazo ndi limene lidzabweze ngongoleyi m'miyezi 10." Mawu amenewa satenga ngakhale mphindi imodzi, koma womvera wamva zonse zimene amadikira.

Apa ndikufuna ndikhazikikepo, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Mantha ambiri amene eni mabizinesi amati ndi oopa gulu, gwero lake ndi kusadziwa manambala awo. Munthu amaopa kufunsidwa kuti "phindu lanu ndi lotani?" chifukwa mumtima akudziwa kuti sanawerengerepo, ndalama za bizinesi ndi za pakhomo zimalowa m'thumba limodzi. Ngati zili choncho kwa inu, ntchito yoyamba ndi kukhala pansi ndi kabuku, kulemba zolowa ndi zotuluka za miyezi itatu yapitayi. Mudzapeza kuti lilime lamasuka lokha, chifukwa mukunena zimene mukudziwa. Mwinanso mudzapeza kuti phindu ndi lochepa moti ngongoleyo ingakupanikizeni. Zikatero, kuli bwino mwadziwira kunyumba musanasaine. Kabukuko mudzapite nako.

Mfundo zikhale zitatu, zikachuluka zinayi. Mu 2001 katswiri wina, Nelson Cowan, ataunika kafukufuku wambiri ananena kuti munthu amatha kusunga m'mutu zinthu pafupifupi zinayi panthawi imodzi. Wowerenga akasokonezeka amabwerera mzere wam'mbuyo, koma womvera alibe pobwerera. N'chifukwa chake nambala yofunika muitchule pang'onopang'ono, mupume, ndipo musachite manyazi kuibwereza.

Tsono za mtima wogundawo. Thupi likaganiza kuti pali choopsa limatulutsa madzi otchedwa adrenaline. Mtima umathamanga, magazi amapita kuminofu, malovu amachepa, manja amanjenjemera. Si matenda, komanso sizisonyeza kuti ndinu wolephera. Musanalowe, kokani mpweya kudzera m'mphuno, muutulutse pang'onopang'ono nthawi yaitali kuposa imene munaukoka, kangapo. Imwani madzi pang'ono. Ndipo dziwani kuti zimene inu mukumva mkatimo, omvera amaona zochepa chabe. Musayambe ndi kupepesa kuti "ine sinditha kulankhula", mungawachititse kufufuza chinthu chimene sakanachiona.

Warren Buffett, mmodzi mwa anthu odziwika kwambiri padziko lonse pa nkhani yoika ndalama m'makampani, ali mnyamata ankaopa kulankhula pagulu moti ankapewa maphunziro alionse ofuna kuimirira pamaso pa anzake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 anachita kosi ya kulankhula pagulu ya Dale Carnegie, ndipo satifiketi yake anaipachika mu ofesi yake mumzinda wa Omaha ku America. Ndamutchula kuti muone kuti luso limeneli munthu amachita kuphunzira.

Kuphunzirako n'kulankhula mokweza. Kuwerenga chamumtima sikukwanira, pakamwa pamafunika kuzolowera. Imirirani, ikani wotchi, lankhulani ngati muli kale m'chipindamo. Dzijambuleni pafoni n'kumvetsera. Kenako pezani munthu amene sadziwa za usoki, mumufotokozere, ndipo mukamaliza musamufunse kuti "ndalankhula bwino?" chifukwa adzangovomera kuti akusangalatseni. Mufunseni kuti abwereze zimene wamva. Akalephera kutchula ndalama zimene mukupempha ndi mmene mudzabwezere, ndiye kuti uthenga sunafike, konzaninso. Musaloweze mawu onse, chifukwa woloweza akaiwala liwu limodzi zonse zimagwa. Lowezani ziganizo ziwiri zoyambirira zokha, zinazo mulembe mitu yake pakapepala.

Nthawi ya mafunso ndi imene anthu amakuyezani kwenikweni. Mulekeni wofunsa amalize, musakonze yankho iye akadalankhula. Ngati simunamve bwino, pemphani abwereze, paja safunsa anadya phula. Akafunsa chimene simukudziwa, nenani kuti mukayang'ana ndipo mudzawayankha tsiku lakuti, n'kuchitadi. Nambala yongopeka ikagwidwa, amakayikira ndi zoona zomwe munanena. Funso limodzi lidzabwera ndithu, lakuti oda ikachepa kapena magetsi akazima mudzabweza bwanji. Likonzereni yankho loona, monga lakuti makina akalewo simugulitsa ndipo mudzaika padera ndalama za mwezi umodzi.

Inunso mukafunse. Chiwongola dzanja n'chochuluka bwanji, ndipo amawerengera pa mwezi kapena pa chaka? Amawerengera pa ndalama zonse zimene munatenga kapena pa zotsala? Pali zina zolipira polembetsa? Mukachedwa kubweza chilango chake n'chotani, ndipo chikole ndi chiyani? Pemphani akuuzeni ndalama zonse pamodzi zimene mudzakhale mutabweza ngongole ikadzatha, akulembereni papepala, mukaliwerenge kunyumba musanasaine.