Mapointi 10 a Neville

Mayi wina wandilembera imelo. Mwana wake wa zaka 10 wangomaliza buku loyamba la Harry Potter, mayiyo n'kuliwerenganso, ndipo mtima sunakhale m'malo. Akufunsa kuti: "Ana atatu aja amanamiza aphunzitsi, amaswa malamulo, amabisirana zolakwa. Kodi kukhulupirika kwa mnzako n'kumeneko?"

Amayi, simunaname ayi. M'buku limeneli, lomwe J.K. Rowling anatulutsa mu 1997, ubwenzi wa anawa unayambira pa bodza. Chimphona chitalowa m'sukulu ya Hogwarts, Harry ndi Ron anakapulumutsa Hermione kuchimbudzi cha atsikana, Ron n'kuchigwetsa ndi chibonga chake chomwe. Aphunzitsi atafika, Hermione, mwana woopa malamulo kuposa onse, anauza Professor McGonagall kuti iye ndiye anapita dala kukasaka chimphonacho. Anasenza mlandu kuti anyamatawo apulumuke, ndipo bukulo silimudzudzula.

Koma taonaninso za Neville Longbottom, mnyamata woiwalaiwala uja amene chule wake amangosowa. Usiku wina iye, Harry ndi Hermione anagwidwa akuyendayenda nthawi yogona, gulu lawo la Gryffindor n'kulandidwa mapointi 150. Anzawo anawasala. Ndiye usiku umene atatu aja ankazemba kukateteza mwala wamatsenga, Neville anawatsekera pakhomo. Mantha anali nawo, koma anakunga zibakera, akuti sakulola kuti gulu lilowenso m'mavuto. Hermione anapepesa kaye, kenako anamuumitsa ndi matsenga, Neville n'kugwa chafufumimba ngati thabwa.

Pa phwando lotsekera chaka, gulu la Slytherin linali patsogolo ndi mapointi 472, Gryffindor ili kumchira ndi 312. Dumbledore, mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo, anapatsa Ron 50 chifukwa cha masewera a tchesi amene analolera kumenyedwa kuti anzake adutse, Hermione 50, Harry 60. Mukawonkhetsa mupeza 472, ndendende ndi Slytherin. Chikho cha gulu lopambana chinabwera ndi mapointi 10 omaliza, ndipo anapita kwa Neville, chifukwa cholimba mtima kukaniza anzake. Wolemba akanatha kupatsa Harry 70 nkhani n'kuthera pomwepo. Anasankha kuti wopambanitsa gulu akhale amene anati "ayi". Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Ana ongovomera zilizonse aliponso m'bukuli: Crabbe ndi Goyle, amene amangolondola Draco Malfoy, mdani wa Harry, ngati mchira, kuseka iye akaseka. Sindinamvepo mwana akunena kuti akufuna kukhala Goyle.

Pali pamodzi pamene ine ndili mbali yanu. Oswa malamulo analandira 160, wowaletsa 10 yokha, ndipo amene anagona pansi atauma usiku uja ndi Neville yemweyo. Mwana wochenjera akhoza kuwerengera n'kuona kuti kuzemba kumalipira bwino. Mabuku otsatira amavutitsako maubwenzi amenewa. Mu lachinayi Ron achita nsanje n'kusiya kulankhula ndi Harry, ndipo mu lomaliza, la 2007, awathawa anzake pakati pa ulendo, kenako n'kubwerera ali ndi manyazi.

Bukulo musamulande. Khalani naye pansi, mutsegule pamene Neville waima pakhomo paja, mumufunse kuti iyeyo akanakhala m'chipindamo akanaima mbali iti, komanso chifukwa chimene Hermione anapepesera asanatambasule kandodo kake. Zimene angayankhe mudzandilemberenso, ndikufuna kuzimva.