BP ya 134/86 pa zaka 27: kodi ndi yodetsa nkhawa?

Mnyamata wina wa ku Chilomoni, wa zaka 27, wanditumizira imelo. Akuti atayezetsa kuthamanga kwa magazi pa famase ina ku Limbe, makina anaonetsa 134/86, ndipo womuyezayo anangoti BP yake ili m'malire. Akufunsa ngati pali chifukwa chodera nkhawa, poti sakumva kupweteka paliponse ndipo amasewerabe mpira Loweruka lililonse.

Achimwene, musachite mantha, koma nkhaniyi musaiponyere kunkhongo. M'zipatala zathu munthu amauzidwa kuti ali ndi matenda a BP ikamafika 140/90, pomwe madokotala a mtima ku America anatsitsa malirewo kufika pa 130/80 m'chaka cha 2017. Choncho nambala yanuyo kuno ndi chenjezo chabe, koma kumeneko akanakulembani kale m'gulu la odwala.

Chimene chimandidetsa nkhawa pa munthu wa msinkhu wanu ndi kuchuluka kwa zaka zimene zili patsogolo. Magazi akamakankha mitsempha mopitirira pang'ono tsiku ndi tsiku kwa zaka 30, mitsemphayo imauma, mnofu wa mtima umakhuthala chifukwa chogwira ntchito yakalavulagaga, ndipo impso nazo zimafooka mwakachetechete. Ku Sweden anatsatira amuna oposa 1.3 miliyoni amene anayezedwa BP polembedwa usilikali ali ndi zaka pafupifupi 18, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2023 zinaonetsa kuti amene BP yawo inali yokwererako pa unyamata ankadwala mtima ndi sitiroko kwambiri atakula poyerekeza ndi anzawo. Kuno kwathu, kafukufuku wa zaumoyo wotchedwa STEPS wa 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa.

Komabe kuyeza kamodzi sikokwanira, makamaka ngati munalowa m'famasemo muli wefuwefu mutangotsika minibasi. Kayezetseninso masiku osiyanasiyana, mutakhala phee pampando kwa mphindi 5, mkono utatsamira patebulo, musanamwe khofi kapena kusuta, ndipo muzilemba manambalawo m'kope.

Ikapitiriza kukhala pamenepo, yambirani pa mchere. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu asapose magalamu 5 patsiku, kutanthauza kasupuni kamodzi ka tiyi. Taonani nokha pachiwaya mmene timawazira mchere pa chipisi ndi kanyenya, kenako madzulo n'kudya ndiwo zothira kale mchere ndi timakyubu tokometsera, wina n'kuwonjezeranso asanalawe n'komwe. Mpira wa Loweruka ndi wabwino, koma thupi limafuna mphindi zosachepera 150 za masewera olimbitsa thupi pa sabata, ndipo mowa umene umatsatira mpirawo umakwezanso BP.

Pa nambala ngati yanuyi, kawirikawiri mankhwala sayambidwa msanga. Koma ngati muli ndi shuga, vuto la impso, kapena kholo lanu linadwala sitiroko lisanakalambe, pitani kuchipatala cha m'dera lanu ndi kope lija kuti akuyezeninso magazi ndi mkodzo.