Funsani Azamba: Kodi zidzolo zija ndizo zinandichotsera pathupi?

Funso:
Azamba, ndine mayi wa zaka 29 ndipo ndimaphunzitsa sitandade 2. Ndili ndi pathupi pa miyezi iwiri, ndinatuluka tizidzolo tofiira kuyambira kumaso mpaka thupi lonse, komanso anabele kuseri kwa makutu. Patatha masiku atatu zinazimiririka, choncho kuchipatala sindinapite. Mwezi usanathe ndinapita padera. Adokotala akuti mwina inali rubella, pomwe apongozi akuti ndi mdulo. Kodi ndikadzaimanso zidzabwereza?
Mphunzitsi, Dedza

Yankho:
Pepani kwambiri mayi. Musadziimbe mlandu, chifukwa ngakhale mukanathamangira kuchipatala tsiku lomwelo, rubella ilibe mankhwala ochiza.

Zomwe mwalongosolazi zikufanana nayodi. Ndi kachirombo kofala pokhosomola ndi poyetsemula, ndipo kamayamba kuonekera pakatha milungu iwiri kapena itatu munthu atakatenga. M'kalasi mwa ana ang'ono ngati mwanumo kamayenda mosavuta, ndiponso pafupifupi theka la odwala saonetsa chizindikiro chilichonse. Ambiri amangoti ndi chikuku chopepuka.

Kwa mayi ndi kamatenda kosachedwa kutha, koma kwa mwana wosabadwa ndi nkhani ina. Kakalowa m'milungu 12 yoyambirira, pomwe mtima, maso ndi makutu zikuumbika, mwa amayi 10 aliwonse mpaka 9 amapatsira mwanayo. Pathupi pamatha kuchoka, mwana amatha kufera m'mimba, kapena kubadwa wogontha, wa ng'ala m'maso, wa vuto la mtima. Dokotala wa maso wa ku Australia, Norman Gregg, ndiye anazindikira zimenezi mu 1941 ataona makanda ambiri a ng'ala. Pa mliri wa 1964 ndi 1965 ku America, ana pafupifupi 20,000 anabadwa ndi zilema zotere. Pathupi pakadutsa milungu 20 chiopsezo chimachepa kwambiri.

Komabe zidzolo zokha si umboni. Mimba zambiri zochoka msanga zimachoka chifukwa mwanayo sanaumbike bwino kuyambira pachiyambi, ndipo malungo ndi chindoko nazo zimachotsa mimba. Chotsimikizira ndi kuyezetsa magazi. Za mdulozo zimandipweteka mtima, chifukwa zimasiya mayi wolira kale akuloza ndi kulozedwa zala m'banja. Kachiromboka sikayang'ana kuti wathira mchere ndani.

Tsono pa funso lanu: ngati inalidi rubella, thupi lanu lapanga chitetezo cha moyo wonse, ndipo sidzakhudzanso pathupi potsatira. Ngati sinali imeneyo, ndiye kuti mwina mukadali pachiopsezo. Kuno ku Malawi katemera wa chikuku ndi rubella anayamba mu 2017, pomwe anabaya ana a miyezi 9 mpaka zaka 14. Inu nthawi imeneyo munali mutapitirira kale msinkhuwo, monganso amayi ambiri amene akubereka lero.

Choncho musanaimenso, kafunseni kuchipatala za kuyezetsa magazi ndi katemerayu. Sabayidwa kwa woyembekezera, ndipo mukalandira mudikire mwezi wathunthu musanatenge pathupi. Pitani limodzi ndi bambo akunyumba, akamve okha kwa adokotala, kuti akathe kuwafotokozera mayi awo. Kusukuluko mwana akatuluka zidzolo, apite kuchipatala, ndipo aphunzitsi anzanu oyembekezera adziwitsidwe tsiku lomwelo.