Kwa mng'ono wanga amene akuganiza zosiya kosi ya laibulale

Imelo yanu ndaiwerenga katatu, mng'ono wanga. Mwati anakusankhani ku Mzuni kukaphunzira za laibulale, koma amalume anu akuti imeneyo ndi digiri yopukuta fumbi pa mabuku, ndiye mukufunsa ngati musinthe kosi. Mawu a amalumewo andipweteka, chifukwa inenso ndinawamvapo, ndipo kwa chaka chathunthu ndinkawakhulupirira.

Ine ndinayamba ngati mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera ya kumudzi. Tsiku lina ahedi anandiitana, nandipatsa makiyi atatu omangidwa pa chingwe cha nsapato. Anati kuyambira lero laibulale ndi yanu. Aliyense pa sukulupo ankadziwa kuti makiyi amenewo amapatsidwa kwa mphunzitsi amene alibe mawu pa msonkhano. Chipindacho chinali ndi zenera limodzi, makabati awiri okhoma, ndi makatoni a mabuku amene anthu akufuna kwabwino anatumiza zaka zingapo m'mbuyomo. Makatoni ambiri anali asanatsegulidwe. Lamulo la ahedi linali limodzi: buku lisasowe. Alendo akabwera tinkatsegula makabati kuti aone, akapita tinkakhomanso.

Panali mtsikana wina wa Fomu 3, wochokera kutsidya kwa dambo, amene ankabwera masana aliwonse kudzaima pa zenera lija. Sankapempha kanthu. Tsiku lina ndinamufunsa chimene ankafuna, iye anati akufuna buku la sayansi lokhala ndi zithunzi za mtima, chifukwa mayi ake ankadwala ndipo achipatala analankhula zimene banja lonse silinamve. Ndinamubwereka. Mvula ya mwezi wa Febuluwale inamupeza pa dambo, bukulo linabwera litafufuma ngati mkate. Ahedi anandikalipira pamaso pa aphunzitsi anzanga, ndipo ndinalipira ndi ndalama zanga. Patapita miyezi iwiri tinasuntha makatoni aja kuti tisese, tinapeza chiswe chitadya atatu kuchokera pansi. Mabuku ochuluka anasanduka dothi popanda mwana ndi mmodzi yemwe amene anawatsegulapo, ndipo palibe amene anakalipiridwa. Zimenezi zimandiwawabe mpaka lero.

Nditapita kukaphunzira ntchitoyi mwadongosolo, ndinakumana ndi dzina la S. R. Ranganathan wa ku India, ndipo nkhani yake ndi imene ndikufuna muidziwe musanapange chiganizo. Bamboyu anabadwa mu 1892 kumwera kwa India, ndipo anali mphunzitsi wa masamu, mpaka kufika pa Presidency College mu mzinda wa Madras, umene lero ukutchedwa Chennai. Yunivesite ya Madras itafuna munthu woyang'anira laibulale yake, anafunsira anthu pafupifupi 900, ndipo anatengedwa ndi iyeyo, kuyamba ntchito mu 1924. Sipanatenge nthawi, anabwerera kwa akuluakulu ake kukapempha kuti amubwezere m'kalasi. Ofesi inali zii, owerenga ochepa, iye atazolowera phokoso la ophunzira. Anagwirizana kuti apite kaye ku London akaphunzire, akabwera asanasinthe maganizo adzamubwezera ntchito yake yakale.

Ku England anaphunzira pa University College London, nagwira ntchito pa laibulale ya Croydon pansi pa W. C. Berwick Sayers, nayendera malaibulale oposa 100. Kumeneko anaona anthu wamba, amayi ndi ana omwe, akulowa n'kumadzisankhira okha mabuku pa mashelefu. Atabwerera kwawo mu 1925 sanatchulenso zobwerera ku masamu. Anatsegula mashelefu kuti owerenga azifika okha, anawonjezera maola otsegulira, ndipo anakhala pa Madras zaka pafupifupi 20.

Mu 1931 anasindikiza malamulo ake asanu a ntchito ya laibulale. Loyamba ndi limene linandiliza misozi m'kalasi: mabuku ndi oti azigwiritsidwa ntchito. Munthu anganene kuti zimenezi n'zodziwikiratu, koma ine ndinali nditasunga makiyi a makabati okhoma, ndinkadziwa kuti si zodziwikiratu ayi. Lachiwiri likuti wowerenga aliyense apeze buku lake, lachitatu likuti buku lililonse lipeze wowerenga wake. Pa awiriwa ndimakumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu, amene atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ija ya 2002, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulaimale, nabwereka buku la za magetsi, n'kupanga makina amphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa. Anthu amatama mnyamatayo, ndipo n'koyenera. Koma panali munthu amene anatsegula chitseko n'kulola mwana wosavala yunifolomu kutuluka ndi buku. Ntchito imene amalume anu akuinyoza ndi ya munthu ameneyo.

Ndinene mosabisa: woyang'anira laibulale amene amanyadira kuti chaka chatha palibe buku limene lasowa, ameneyo ndi mlonda. Ulonda ndi ntchito yolemekezeka, koma sufuna zaka zinayi za ku yunivesite. Buku long'ambika chikuto, lakuda m'mphepete ndi zala za ana, lagwira ntchito imene linagulidwira. Ndipo anzanga ena a ntchitoyi, ndimawakonda, koma tili ndi mlandu. Wowerenga akalowa timamuyang'ana ngati wakuba, timamuuza kuti tili pa nkhomaliro, timamuuza kuti abwere mawa. Lamulo lachinayi la Ranganathan likuti osamutayitsa nthawi wowerenga. Mayi amene wasiya geni yake pa msika kuti adzafunse za fomu ya ngongole ya mwana wake wa ku koleji, akabwezedwa kamodzi sadzabweranso, ndipo akapita kukauza abale ake kuti kumeneko kulibe chothandiza. Maganizo ngati a amalume anu amabadwira pamenepo.

Za manambala a pamsana pa buku

Pano ndipatukeko pang'ono, chifukwa mudzakumana nazo chaka choyamba. Malaibulale ambiri kwathu kuno amasanja mabuku potsatira njira ya Melvil Dewey wa ku America, imene inatuluka mu 1876. Mukaiyang'anitsitsa mudzaona dziko monga ankalionera iyeyo. Chingerezi chili ndi malo akeake pa 420, zolembedwa zake pa 820, pomwe ziyankhulo za mu Africa muno, mazanamazana, zinapanikizidwa pa 496, ndipo ndakatulo ndi nkhani zopeka za m'ziyankhulo zimenezi pa 896. Ine mphunzitsi wa Chichewa, nditaona zimenezi koyamba, mtima unandiwawa. Ranganathan nayenso anaona kuti nzeru za ku India sizikukwana bwino m'mabokosi amenewo. Akuti ali ku London anaona zidole za Meccano mu sitolo ya Selfridges, tizitsulo timene mwana amalumikiza ndi mabawuti n'kupanga galimoto lero, mlatho mawa. Anaganiza kuti mutu wa buku ungamangidwenso choncho, kuchokera ku tizigawo: chinthu chenichenicho, chimene chapangidwa nacho, chimene chikuchitika, malo, ndi nthawi. Njira yakeyo, Colon Classification, inatuluka mu 1933.

Sindikunamizani, njirayo ndi yovuta, ndipo ngakhale ku India komweko malaibulale ambiri amagwiritsa ntchito ya Dewey. Koma mukalowa pa sitolo ya pa intaneti n'kusankha nsapato potengera mtundu, saizi ndi mtengo nthawi imodzi, mukugwiritsa ntchito ganizo lomwelo la tizigawo. N'chifukwa chake ndimakwiya anthu akamati foni yapha laibulale. Foni yachulukitsa zinthu zosasanjidwa, zoona ndi zabodza pamodzi, ndipo anthu odziwa kusanja ndi kusefa akufunika kuposa kale.

Ranganathan sanathere pa mashelefu. Anamenyera lamulo la malaibulale a anthu onse la ku Madras limene linakhazikitsidwa mu 1948. Anaphunzitsa pa Banaras Hindu University, kenako pa yunivesite ya Delhi, ndipo mu 1962 anayambitsa malo ophunzitsira ndi kufufuza za ntchitoyi ku Bangalore. Ndalama zimene anasunga anazipereka ku yunivesite ya Madras kuti pakhale mpando wa pulofesa wa za laibulale m'dzina la mkazi wake, Sarada. Boma la India linamupatsa ulemu wa pulofesa wa dziko lonse mu 1965, ndipo anamwalira mu 1972. Mpaka pano, pa 12 Ogasiti, dziko la India limakumbukira oyang'anira malaibulale chifukwa cha iye.

Lamulo lake lachisanu likuti laibulale ndi chinthu chamoyo, chimakula. Sukulu imene mukupitayo ikudziwa bwino zimenezi. Pa 18 Disembala 2015 moto unatentha laibulale ya Mzuni, mabuku pafupifupi 45,000 anapsa. Tsiku limenelo sindinathe kudya. Ndinkaganizira zolemba za Amalawi zimene mwina zinalibe kope lina kwina kulikonse. Koma ntchito sinaime. Ogwira ntchito kumeneko anayambiranso, kulandira mabuku, kuwalemba, kuwasanja, ophunzira n'kumawerenga. Mukafika, mukafunse amene analipo nthawi imeneyo akufotokozereni.

Tsono yankho langa ndi ili. Musasinthe kosi chifukwa cha mawu a amalume. Malipiro a ntchitoyi si ochuluka, ndipo malo a ntchito sapezeka msanga, zimenezo muzidziwe. Limbikirani maphunziro a kompyuta ndi kasungidwe ka mafaelo, chifukwa zipatala, makhoti, mabanki ndi mabungwe amafuna anthu otere. Tchuthi chikubwerachi, pitani ku nthambi ya National Library Service imene muli nayo pafupi, mukapemphe kuthandiza kwa milungu iwiri, ndipo mukakhale pa tebulo lolandirira anthu, osati kuseri. Mukatha milungu iwiriyo mundilemberenso, mundiuze amene anabwera ndi zimene ankafuna.